Womasulira Filimu Sakuwa

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinamasulira filimu yathunthu kwa anthu atatu, mmodzi mwa iwo ali mtulo. Panali pa Nsanama, m'kanyumba ka vidiyo kamene kanali kuseli kwa chigayo cha Che Mbwana. Kwathu ndi kwa Nsamala ku Balaka, koma pa Nsanama ndinakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, nditagwira maikolofoni pambali pa TV, ndikuika Chichewa m'kamwa mwa Matchaina, Amwenye ndi azungu. Chizungu changa chinathera Fomu 2, Chitchaina sindidziwa ngakhale moni, koma anthu ankatuluka akunena kuti a Lukasi ndiye amamva. Sindinkamva kanthu. Ndinkayang'ana nkhope ya munthu n'kumupatsa mawu omuyenera.

Kenaka kunabwera mafilimu omasuliridwa kale m'tauni, oika pa memore khadi, ndipo aliyense anayamba kuonera pa foni yake ali chogona. Mabenchi athu anatsala okha. Tsiku limenelo filimu itatha, Twaibu, amene ankakhala pakhomo kulandira anthu ndi kusamala mawaya, anazimitsa TV n'kunena kuti, "Achimwene, izi zatha. Tiyeni tizipita kumene akupita anzathu." Sindinatsutse, ndinangoyamba kukulunga chingwe cha maikolofoni.

Twaibu anali mwana wa mlongo wawo wa Che Mbwana. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka ziwiri, Msilamu wosaphonya kumzikiti Lachisanu, pamene ine ndine Mkatolika wa pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Ankanditchula achimwene ngakhale panalibe ubale. Ya transipoti anamupatsa ndi amalume akewo, atamuitanira m'chigayo n'kumuika m'manja pamaso pa amayi amene ankadikira ufa wawo. Yanga inachokera ku njinga ndi masipika amene ndinagulitsa. Mayi ake a Twaibu, Abiti Saidi, anatiperekeza mpaka pa siteji atasenza chikwama cha mwana wawo, ndipo minibasi ya ku Liwonde itaima anandigwira mkono. "Inu ndinu aakulu," anatero. "Uyu amayenda mutu uli kwina. Mukaona akulowera kolakwika, muzimuuza." Ndinati ndizimuuza.

Nthawi imeneyo mukanandifunsa za mafilimu, mukanachedwa kunyumba. Azibakera ndi amfuti ndiwo ndinkawaika patsogolo, chifukwa sayerekeza n'komwe kukhala oona. Munthu mmodzi amamenya anthu makumi atatu, malaya osang'ambika, ndipo aliyense pa benchi amadziwa kuti ekita safa. Umalowa kuti uone mmene apulumukire, basi. Aupandu, aja a mbava ndi apolisi, ndinkawalemekeza pa chinthu chimodzi: woonera amadziwa zimene munthu wa mufilimu sakudziwa. Iwe waona kale kuti kuseli kwa chitseko kuli wamfuti, iye akubwera akuimba mluzu. Pamenepo nyumba yonse inkaimirira, amayi a tomato, anyamata a kabaza, madala a bawo, onse pamodzi: "Usalowe iwe! Bwerera!" Koma womasulira sakuwa. Zimenezo ndinadziphunzitsa ndekha ndipo ndinkazinyadira. Anthu akamakuwa, iwe umatsitsa mawu n'kumakoka nthawi pang'onopang'ono: akuyenda mwana wa eni, sakudziwa, akuyenda. Ukakuwa nawo waononga filimu.

Amatsenga, a mizukwa ndi afiti, ndinkawanyoza, ngakhale ndi amene ankadzaza mabenchi. Nkhani yake ndi imodzi yomweyo. Munthu akalemera ndiye kuti m'nyumba mwake muli chipinda chokhoma, ndipo m'chipindamo muli m'bale wake. Palibe amene amalemera chifukwa cholawirira kuntchito, palibe amene amafa ndi malungo. Ndinkawamasulira mwachipongwe, mpaka amayi ena ankandidzudzula kuti, a Lukasi, izi si zoseka, zimachitika. Twaibu naye anali mbali yawo. Ankaonera atabisa theka la nkhope kuseli kwa chitseko, n'kumati, "Achimwene, inu mumaseka chifukwa simunakumane nazo."

Za ulendo sindinena zambiri. Tinakhala masiku atatu m'basi, miyendo itatupa. Ku Joni tinapeza kachipinda ka malata kuseli kwa nyumba ya munthu wina, matiresi amodzi ndi sitovu ya parafini. Kuzizira kwa kumeneko kumalowa m'mano. Patapita miyezi inayi ya maganyu, tinalembedwa ntchito tonse awiri pa holoselo ina yaikulu ya m'lokeshoni, yogulitsa shuga, mafuta, sopo ndi ufa. Twaibu anamuika kusitolo ya kumbuyo, kunyamula katundu. Ine bwana anandifunsa zimene ndinkachita kwathu, ndipo nditamuuza anaseka, n'kunditengera m'kachipinda ka pamwamba kopanda windo. Munali TV yaikulu yogawidwa zigawo zisanu ndi zinayi, chigawo chilichonse ndi kamera yake. Pa tebulo panali wailesi ya m'manja yolankhulira ndi anyamata a pansi. Kunsi kwa tebulo kunali batani lofiira loitanira alonda amfuti, amene galimoto yawo inkaima pa msewu wachiwiri kuchokera pa shopu. Ntchito yanga inali kuona amene akubisa sopo m'jekete. Ndinakhala m'kachipinda kameneko zaka zinayi.

Ndalama zinkabwera, sindinama. Mayi anga kwa Nsamala anafolera malata. Mlongo wanga Esinta, amene anakwatiwa pa Nsanama pomwepo, anayamba geni ya zitenje. Mavoisi a pa foni ankabwera Lamlungu, ndipo ambiri ankayamba ndi moni wautali n'kukathera ku feteleza. Ine ndinkayankha kuti kuno kuli bwino, n'kutumiza chithunzi nditatsamira galimoto ya eni. Mtsikana amene ndinamusiya ndi lonjezo anasiya kuyankha chaka chachiwiri, ndipo chondidabwitsa chinali chakuti sizinandipweteke. Ndinaona chithunzi cha ukwati wake, ndinayang'ana deresi, ndinapitiriza kudya buledi wanga. Kusungulumwa kwa ku Joni sikulizitsa munthu tsiku ndi tsiku ayi. Kumangokuchotsera zinthu chimodzichimodzi, mpaka tsiku lina umapezeka kuti sukulakalaka kalikonse, ngakhale mango a kwanu.

Makamera aja analibe mawu. Anthu ankalowa, kutsegula pakamwa, kuseka, kukangana polipira, zonse zili zii. Munthu wozolowera maikolofoni sangapirire zimenezo. Sabata yachitatu ndinayamba kumasulira, poyamba chamumtima, kenaka mokweza, popeza panalibe wondimva. Mayi wina wonenepa wogula mafuta ndinamupanga mkazi wa bwana wa zigawenga. Mkulu wina wa chipewa anali wapolisi wobisala. Twaibu, pa kamera ya nambala sikisi ya kusitolo, ndiye anali ekita wanga. Kusitoloko kunali chitseko cholemera ndi phokoso la mafiriji, moti za m'shopu sankazimva. Khutu lake linali wailesi ya pa lamba wake, ndipo wolankhula pa wailesiyo ndinali ine. Tikaweruka ndinkamuuza zimene wachita mufilimu yanga tsiku limenelo, iye n'kumaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Achimwene, mawa mundipatseko mkazi mufilimu imeneyo," ankatero. "Zaka zonsezi ekita angonyamula shuga?"

Kuba ndinakuona kambiri, ndewu ndinaziona, munthu kukomoka pa mzere ndinamuona. Zonse zinali pa galasi, zopanda mawu, zazing'ono ngati bokosi la machesi. Chaka choyamba mtima unkagunda. Chachitatu ndinkaonera ndikudya.

Masiku ano ndimapalasa kabaza m'tauni ya Balaka, ndipo ndikamadutsa pa timanyumba ta vidiyo timene tatsala ndimamva mfuti zikulira pa sipika. Mfuti ya mufilimu imalira bwino. Anzanga a pa siteji amadziwa kuti ndinali womasulira, ndiye makasitomala akasowa amandifunsa kuti mafilimu abwino ndi ati. Ndimawauza kuti azibakera ndi a ana, ndipo ana aziwaonera, palibe choipa. Aupandu amanama pa chinthu chimodzi chokha: amaika nyimbo. Nyimbo ija ndi imene imakuuza kuti apa uope, apa ulire, apa udzuke. Zenizeni zilibe nyimbo, ndiye ngati unazolowera kuidikira, umangokhala. Amaseka, amati a Lukasi ku Joni anaphunzirako nzeru. Ine sindipitiriza.

Pa holoselo paja linali Lachiwiri, cha m'ma leveni m'mawa. Pa kamera yoyamba panalowa amuna awiri, wina atavala jekete lachikasu. Ndinayamba nawo nthawi yomweyo: awa ndi aja tinawasiya m'gawo loyamba, abwera kudzabwezera. Wa jekete anatulutsa mfuti. Olandira ndalama anagona pansi, makasitomala anagona pansi, mnzake uja anayamba kukhuthulira madirowa m'chikwama. Ndinaziona zonse, ndipo pakamwa panga sipanaime. Sindinaope, sindinakomoke, dzanja silinaume. Ndikanakonda ndikanatha kunena kuti linauma. Ndinkangomasulira.

Pa nambala sikisi Twaibu anatsitsa belo la shuga pa mulu, anadzikanda pakhosi, anaika lina paphewa n'kuyamba kuyenda kulunjika chitseko cholowera m'shopu. Pa nambala thuu wa jekete anali ataima kuseli kwa chitseko chomwecho. Wailesi inali pa tebulo, pafupi ndi kapu yanga ya tiyi. Sitolo ija ndi yaitali, ndipo munthu wosenza sathamanga. Ndinamva mawu anga akutsika okha monga ankachitira pa Nsanama: akuyenda mwana wa eni, sakudziwa, akuyenda. Anakankha chitseko ndi phazi. Wa jekete anatembenuka. Kulira kwa mfuti sikunamveke pa TV, kunabwera kudzera pansi pa mpando wanga. Pamenepo m'pamene ndinadina batani. Alonda anafika pasanathe mphindi zitatu, mbava zitapita, Twaibu atagona pa shuga wotayika.

Palibe amene anandifunsa kanthu. Bwana anachita kundithokoza chifukwa chodina batani. Apolisi asanatenge makina osunga zithunzi za makamera, ndinabweza zithunzi n'kujambula ndi foni yanga zimene zinali pa nambala sikisi ndi nambala thuu, ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero. Apolisi atatipatsa thupi, Asilamu anzake anamusambitsa, anamukulunga mu sanda, ndipo tinamuika komweko tsiku lomwelo, monga chipembedzo chawo chimafunira. Ine ndinaima kumbuyo, chipewa chili m'manja. Ndinadikira misozi, sinabwere. Lolemba ndinabwerera m'kachipinda kanga, kungoti sindinamasulirenso.

Patapita masabata atatu, Esinta anatumiza voisi imene sinayambe ndi moni. Anati pa Nsanama pavuta. Mnzathu wina wa kumeneko, amene ankagwira nafe ntchito pa holoselo, anali atauza abale ake pa foni kuti anthu onse m'shopu anagona pansi, koma Twaibu yekha anatuluka n'kupita molunjika pa mfuti ngati munthu woitanidwa. Mawu amenewo anazungulira msika wonse. Anthu anakumbukira kuti ya transipoti anapereka ndi Che Mbwana. Anakumbukiranso kuti Twaibu atangochoka Che Mbwana anagula makina achiwiri, okonola, ndiponso kuti m'chigayomo muli kachipinda kokhoma. Thupi palibe analiona. Ndiye nkhani inadzimaliza yokha: ku Joni tinakwirira thunthu la nthochi, Twaibu weniweni ali m'kachipinda kaja, wasanduka ndondocha, akusenza matumba a amalume ake. Amayi anasiya kukagayitsa kumeneko. Akazi awo a Che Mbwana anagendedwa ku mjigo. Ndipo Idrisa, mng'ono wake wa Twaibu, bambo wa ana awiri, ankauza anzake poyera kuti sadaka ya masiku makumi anayi ikangotha chigayo chipsa, mwini wake akapezeka mkati ndi zake.

"Achimwene," anatero Esinta kumapeto, "inu munaliko. Anthu akuti amene akudziwa ndinu."

Kachipinda kaja ndinkakadziwa bwino. Munkakhala girizi ndi malamba akale a injini, ndipo nthawi ya mvula ife tinkasungamo TV. Nkhani yonseyo ndinkaidziwanso, ndinaimasulirapo kambirimbiri, ndipo ndinkadziwa kuti imatha ndi moto. Koma funso lawo linali loona. N'chifukwa chiyani anapita pa mfuti? Yankho lake linali ndi munthu mmodzi. Ndikakhala chete Che Mbwana apsa, ndikalankhula mayi wa Twaibu adziwa zimene ndinachita ndi mawu amene anandiuza pa siteji. Ndinatha masabata awiri ndikuyang'ana makamera, voisi ija ili m'thumba, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti ndikuchitanso zomwe zija. Ndinalongedza chikwama cha Twaibu ndi changa, ndinakwera basi.

Ndinafika pa Nsanama kutatsala tsiku limodzi kuti sadaka ichitike. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndikadzatsika pa siteji imeneyi ndidzamva kanthu mumtima. Ndinaona mashopu awiri atsopano, mabenchi a tomato omwe aja, fumbi lomwe lija. Kanyumba kathu ka vidiyo kanali katasanduka kosungiramo makala. Chigayo chinali chotsegula koma chili chete, Che Mbwana atakhala pa thumba pakhomo, ataonda, ndevu zitachita imvi. Ndinawapatsa moni, anandiyankha ngati tinasiyana dzulo.

"Mwamva zimene akunena?" ndinafunsa.

"Ndamva."

"Bwanji osapita kaye ku Liwonde masiku angapo?"

"Ndikapita ndiye kuti ndavomera," anatero. "Mwana uja ndinamulera ine. Kachipinda ndinawatsegulira, anati ndamubisa kwina."

Chimene chinandigwira si chimenecho. Aliyense pamsika ankadziwa tsiku. Wogulitsa nyama anandiuza, telala anandiuza, mayi wa zitumbuwa anandiuza, onse motsitsa mawu, maso akuwala pang'ono: mawa kukhala zinthu. Ambiri a iwo sankadana ndi Che Mbwana, ena ankati mwina n'zabodza. Anali anthu omwe aja amene ankaimirira pa benchi kukuwira Mtchaina kuti usalowe. Palibe mmodzi amene anawoloka msewu kukauza Idrisa kuti bwerera. Ku Joni ndinkaganiza kuti matenda anga ndinawatenga m'kachipinda kopanda windo, ndipo kuti kwathu anthu akanali amoyo. Tsiku limenelo ndinaona kuti mwina ndinachita kunyamuka nawo.

Mawa lake masana, mapemphero atatha ndiponso anthu atadya, abale anakhala pa mkeka kuseli kwa nyumba ya Abiti Saidi. Shehe analipo, Idrisa analipo, Che Mbwana anakhala payekha chapatali, ndipo ena ambiri anaimirira kumpanda ngati akudutsa. Amene wabwera ndi katundu wa malemu ndiye amafotokoza mmene imfa inayendera, choncho ndinaika chikwama cha Twaibu pamaso pa mayi ake, maso onse n'kutembenukira kwa ine. Ndinachita zamantha. Ndinatulutsa foni, poganiza kuti ilankhula m'malo mwanga, kuti akaona mfuti yeniyeni ndi magazi enieni nkhani ya nthochi itha. Amuna anaunjikana. Abiti Saidi sanasunthe, anangoika dzanja pa chikwama.

Idrisa anaonera kawiri. "Mwaona?" anatero. "Akuyenda ngati akukokedwa ndi chingwe. Anzake onse agona. Munthu wabwinobwino angapite pa mfuti chonchi?" Anthu anagwedeza mitu. Foni yanga inali itathira parafini pamoto. Kenaka wina kumbuyo anafunsa, mopanda chipongwe chilichonse, "Kodi ilibe mawu? A Lukasi, tatifotokozerani."

Ndinabweza pachiyambi. Ndinawaonetsa kanthu kakuda pa lamba wa Twaibu, ndinati iyi ndi wailesi, inzake inali pa tebulo langa, pafupi ngati mbale iyi. Ndinawauza kuti kusitolo sikumveka za m'shopu, ndipo ntchito yomuuza inali yanga. Ndinawaonetsa kawotchi ka pakona pa chithunzi. Kuchokera pamene mfuti inatuluka mpaka pamene anakankha chitseko panadutsa mphindi zinayi. "Palibe anamuitana," ndinatero. "Sankadziwa basi. Ndikanati Twaibu usatuluke, bwenzi lero tikudya naye."

"Inu munali kuti?" anafunsa Idrisa.

"Pamwamba. Ndinkaona zonse."

"Munagona?"

"Iyayi."

"Munaopa?"

"Iyayi."

Nkhope ya Idrisa inafewa. "Ndiye kuti anakumangani pakamwa," anatero. "Si inu, achimwene. Amalume anakumangani pakamwa kuti zawo zitheke." Kumpanda kunamveka anthu akuvomereza. Anali atanditsegulira njira yabwino. Ndikanangoti mwina, ndikanachoka pamenepo ngati munthu wolodzedwa, womvetsa chisoni, ndipo amayi akanandipatsa madzi akumwa. Ndinayang'ana Che Mbwana, anali akuyang'ana mapazi awo.

"Pakamwa panga panali potsegula," ndinatero. "Ndinkalankhula nthawi yonseyo. Ndinkamasulira."

Sanamvetse, ndiye ndinayatsanso foni, ndinaikweza m'mwamba, ndinatsitsa mawu monga kale. Akuyenda mwana wa eni, sakudziwa, akuyenda.  Mawu amenewo aliyense ankawadziwa, ena anakula nawo, ndipo ndinaona pa nkhope zawo kuti akhulupirira. Zimenezo palibe sing'anga akanazipeka.

Chibakera cha Idrisa chinandipeza pa khutu. Chinali chimodzi, chosalira, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti dzanja lake linatupa. Shehe anamugwira, iye anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana, kulira kumene akuti sanalire chimwalirireni mkulu wake. Che Mbwana anadzuka, anavala nsapato, anapita. Anthu a kumpanda anabalalika pang'onopang'ono, ena akuoneka ngati awabera. Ine khutu linkalira, koma mkati munali momwe muja.

Mafilimu amatsenga sindiwasekanso. Ndinamvetsa tsiku limenelo chifukwa chake amadzaza mabenchi. Amakupatsa munthu woti umuwotche, ndipo imfa imakhala ndi mwini wake, ndi cholinga chake. Kuuza mayi kuti mwana wake anafa chifukwa mnzake anali ndi kapu ya tiyi ndi chizolowezi, zimenezo palibe angalipire kuti aonere.

M'mawa mwake ndikukonzeka zopita ku Balaka, Esinta anandiuza kuti Abiti Saidi akundifuna. Ndinawapeza pakhonde akusankha nandolo. Sanandipatse mpando, ndinakhala pansi. "Dzulo sindinaone," anatero. "Ndionetseni." Ndinati mayi, kumapeto kwake n'kovuta. Anangotambasula dzanja, ndiye ndinasendera pafupi n'kuyatsa.

Twaibu anatsitsa belo la shuga. Anadzikanda pakhosi. "Kudzikanda kumeneko ndi kwa bambo ake," anatero mayiwo. "Wanenepa. Ankadya?" Ndinati ankadya. Anaika belo lina paphewa n'kuyamba kuyenda, ndipo mayi ake anasendeza nkhope pafupi ndi galasi. Atatsala pang'ono kufika pa chitseko, ananena motsitsa, monga munthu amaitanira mwana amene ali pafupi, "Twaibu, bwerera." Chala changa chinagunda galasi ndisanaganize. Chithunzi chinaima, phazi lili m'mwamba, chitseko chikanali chotseka.

"Mwachita bwanji?"

Ndinawaonetsa pogunda. Anapukuta chala pa chitenje, ndinabweza, anayesa. Anagunda msanga, Twaibu akanali pakati pa sitolo. Anayesanso.

"Ndisiyireni foniyi," anatero.

Ndinachotsa simu khadi langa n'kuwapatsa foni ndi tchaja yake. Ndinati ndikhoza kupita nayo kaye pamsika kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, akadule kumapetoko kuti kusamaoneke.

"Iyayi, musadule. Ndizimuimitsa ndekha."

Za pa siteji sanazitchule, ndipo sananene kuti andikhululukira. Anabwerera ku nandolo wawo, ine ndinadzuka n'kutsanzika.

Chigayo sichinapse. Amayi ena anabwerera kukagayitsa, ena mpaka lero amapitirira ndi matumba awo kupita kwina, ndipo alipo amene amati Che Mbwana anandilipira kuti ndidzinamizire. Idrisa tikakumana ku Liwonde amawolokera tsidya lina. Ku Joni sindinabwerere, ndipo kwathu sindinganene kuti ndinafika, ndimangogonako. Esinta akabwera kwa Nsamala kudzaona mayi ndimamufunsa za Abiti Saidi. Akuti tsiku lililonse akaswali masana amakhala pakhonde ndi foni ija, amaonera mwana wawo akutsitsa shuga, akudzikanda, akuyenda, ndipo akafika pa chitseko amamuimitsa. Akuti sanachedwepo ngakhale kamodzi.